Givanildo Oliveira, Mfumu Yokweza Matimu

Dzina la Brazil likatchulidwa pa nkhani za mpira wa miyendo, omvera ambiri amakumbukira Pelé, Garrincha, Zico kapena Ronaldo, ndiponso malaya achikasu aja amene adatenga chikho cha dziko lonse lapansi mu 1958, 1962, 1970, 1994 ndi 2002. Koma akatswiri oterewa ndi nsonga chabe ya mtengo. Mizu ya mpira wa ku Brazil ili m'zigawo, m'mizinda imene maina ake samveka kawirikawiri kutsidya kwa nyanja, ndipo kumeneko kuli anthu amene adagwira ntchito ya mpira moyo wawo wonse popanda kutchuka kunja. Mmodzi wa iwo ndi Givanildo José de Oliveira, amene adayamba ngati wosewera wa pakati, nadzakhala mphunzitsi wa matimu kwa zaka zoposa 35. Anthu a kwawo adampatsa dzina la Chipwitikizi lakuti Rei do Acesso, ndiye kuti mfumu yokweza matimu. Dzinali ndi laulemu ndithu, koma mkati mwake mulinso kachisoni kena.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nkofunika kuyamba ndi kukula kwa dzikolo. Brazil ali ndi zigawo 26, kuonjezapo dera la likulu la Brasília, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mpikisano wakewake wa mpira. Yambiri mwa mipikisano imeneyi ndi yakale kuposa ligi ya dziko lonse: wa ku São Paulo udayamba mu 1902, wa ku Rio de Janeiro mu 1906, wa ku Pernambuco mu 1915. Ligi yosonkhanitsa matimu a m'zigawo zosiyanasiyana chaka ndi chaka idakhazikika mochedwa, mu 1971, pakuti kale kudali kovuta kunyamula timu ulendo wa makilomita 2,000 kapena 3,000 kuti ikasewere mphindi 90 zokha. Motero kwa zaka zambiri chimene chinkasowetsa tulo wochemerera mpira wa mumzinda wa Recife sichidali Santos ya Pelé ayi, koma timu ya kutsidya kwa mlatho, mumzinda momwemo.

Givanildo adabadwa pa 8 Ogasiti 1948 ku Olinda, mzinda wakale wa pa zitunda moyang'anana ndi nyanja ya Atlantic, moyandikana ndi Recife, likulu la chigawo cha Pernambuco. Kumeneku ndi kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, dera limene eni ake amalitcha Nordeste. Ndiko kumene Apwitikizi adayamba kulemera ndi minda ya nzimbe yolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa, ukapolo umene udathetsedwa mu 1888. Chuma chitasamukira kumwera, ku minda ya khofi ndi mafakitale a ku São Paulo, Nordeste idatsala ndi umphawi pamodzi ndi chilala chimene chimagwa kawirikawiri kumtunda. Anthu miyandamiyanda adakwera malole kunka kumwera kukafuna ntchito. Luiz Inácio Lula da Silva, amene pambuyo pake adadzakhala mtsogoleri wa dziko, adayenda ulendo womwewo ali mwana mu 1952, kuchokera ku Pernambuco komweko. Kumwerako anthuwa ndiwo ankamanga nyumba zosanja, komabe ankanyozedwa chifukwa cha kwawo ndi kalankhulidwe kawo. Osewera mpira nawo ankatsata njira yomweyo. Ademir, amene adagoletsa zigoli zambiri kuposa onse pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa 1950, ndi Vavá, amene adagoletsa m'ndime yotsiriza ya 1958 ndi ya 1962, onse adali ana a ku Recife, koma mbiri yawo adakaipangira kumwera.

Mu Recife muli matimu atatu aakulu. Náutico idakhazikitsidwa mu 1901, ndipo kwa nthawi yaitali inkadziwika kuti ndi ya mabanja opeza bwino. Sport idadza mu 1905. Yachitatu, Santa Cruz, idayambidwa mu 1914 ndi anyamata amene ankasewera mpira pabwalo la tchalitchi cha dzina lomwelo, ndipo mpaka lero imatchedwa timu ya anthu wamba. Malaya ake ndi a mizere yakuda, yoyera ndi yofiira, kotero kuti ochemerera amaitcha dzina la njoka ina ya mawanga otero. Pamene Givanildo ankalowa m'timu yaikulu ya Santa Cruz, cha m'ma 1969, nkuti Náutico itatenga chikho cha Pernambuco zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana, kuyambira 1963 mpaka 1968. Anthu a Santa Cruz adali atatopa ndi kuweramitsa mitu.

Zinthu zidatembenuka msanga. Santa Cruz idatenga chikhocho kasanu motsatizana, kuyambira 1969 mpaka 1973, ndipo mu 1972 idatsegulira bwalo lake lalikulu la Arruda. Givanildo adakhazikika pakati pa bwalo, pamalo a munthu amene amalanda mpira kwa adani ndi kuupereka kwa anzake othamangira kutsogolo. Malo amenewa satchukitsa munthu. Zithunzi za m'nyuzipepala zinkatenga Ramon, amene adagoletsa zigoli zambiri kuposa onse mu ligi ya dziko ya 1973, kapena Nunes, amene pambuyo pake, atapita ku Flamengo, adamwetsa Liverpool zigoli ziwiri ku Tokyo mu 1981. Koma amene ankaonetsetsa masewero ankadziwa kuti mpira usadafike kwa ogoletsawo unkayamba wadzera pa phazi la Givanildo. Adasewerera Santa Cruz masewero pafupifupi 600. Chaka chokoma kuposa zonse chidali 1975, pamene timuyi idafika m'gulu la matimu anayi otsiriza a ligi ya dziko lonse. Idagonja kwa Cruzeiro 3 kwa 2 pa Arruda pomwepo, pamaso pa anthu ake, ndipo Santa Cruz sidafikeponso pamenepo.

Ntchito yotere sikadabisika. Mu 1976 mphunzitsi wa timu ya dziko, Osvaldo Brandão, adamuitana, chinthu chosowa kwa wosewera wa timu ya ku Nordeste. Adali m'gulu limene lidapita ku America chaka chimenecho nkukapambana mpikisano wokondwerera kuti dzikolo latha zaka 200 likudzilamulira, mpikisano umene Brazil idagonjetsa England 1 kwa 0 ndi Italy 4 kwa 1. Chaka chomwecho, monga mwa mwambo, kumwera kudamukoka: Corinthians ya ku São Paulo idamugula.

Ndi m'malaya a Corinthians m'mene Givanildo adasewera masewero amene anthu a ku Brazil sanawaiwale. Pa 5 Disembala 1976 timuyi idakumana ndi Fluminense pa bwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro, kulimbirana malo a m'ndime yotsiriza ya ligi. Corinthians idali itatha zaka 22 yosatenga chikho chachikulu, ndipo ochemerera ake adayenda makilomita oposa 400 m'mabasi, m'magalimoto ndi pa njinga zamoto, zikwi ndi zikwi, mpaka kudzaza pafupifupi theka la bwalo la eni ake. Mvula idagwa yoopsa, bwalo lidasanduka dambo. Matimu adafanana mphamvu 1 kwa 1, ndipo Corinthians idapambana pa mapenate. Sabata yotsatira idakagonja kwa Internacional 2 kwa 0 ku Porto Alegre.

Wina akadaganiza kuti mnyamata wa ku Olinda wafika tsopano, sadzayang'ananso m'mbuyo. Koma sadakhalitse ku São Paulo. Adabwerera ku Santa Cruz, natenga nayo chikho cha Pernambuco mu 1978 ndi 1979. Adapitanso kumwera kanthawi kochepa, ku Fluminense mu 1980, nabwereranso ku Recife, ulendo uno ku Sport, mdani wamkulu wa timu imene idamulera. Sport idatenga chikho cha chigawo mu 1980, 1981 ndi 1982. Ndi komweko kumene mu 1983 adavula nsapato za mpira nkuyamba kuphunzitsa, ali ndi zaka pafupifupi 35.

Pofuna kumvetsa ntchito imene adailowa, nkoyenera kuona m'mene ligi idasinthira. M'zaka za ulamuliro wa asilikali, kuyambira 1964 mpaka 1985, malo mu ligi ya dziko ankaperekedwa ngati mphatso ya ndale. Kumene chipani cha boma chinkaoneka chofooka, akuluakulu a mpira ankalowetsako timu ina kuti anthu akondwe, mpaka mu 1979 matimu adakwana 94. Pambuyo pake khomo lidayamba kuchepa. Padakhazikika magawo: Série A ya matimu apamwamba, Série B pansi pake, kenaka Série C, ndipo kuyambira 2009 Série D. Kuyambira 2006 gawo loyamba lili ndi matimu 20 okha. Chaka chilichonse anayi amatsika, anayi amakwera. Ndalama za wailesi yakanema ndi za makampani zimaunjikana m'gawo loyambalo. Tsono kwa timu ya ku Recife kapena ku Belém, kukwera si nkhani ya ulemu wokha. Ndi nkhani ya malipiro a osewera, ya ngongole, ya denga la bwalo limene likudontha.

Série B ndi ntchito yolemetsa. Timu imasewera Lachiwiri m'chifundizi cha kufupi ndi mtsinje wa Amazon, pofika Loweruka ili m'chisanu cha kumwera. Osewera ambiri ndi obwereka, ena ndi okalamba amene matimu aakulu adawataya, ena ndi ana amene akangoonetsa luso amagulidwa chaka chisadathe. Malipiro amachedwa. Atsogoleri a matimu ambiri amachita kusankhidwa ndi mamembala, choncho timu ikagonja katatu motsatizana, njira yapafupi yoziziritsira mitima ya ochemerera ndiyo kuchotsa mphunzitsi. Munthu wofuna kukhalitsa pa ntchito yotere ayenera kudziwa kumanga timu ndi zimene wazipeza, monga mmisiri womanga nyumba ndi njerwa zotsala kwa anzake. Apa ndi pamene luso la Givanildo lidaonekera.

Zaka zake zoyamba adazithera m'matimu a ku Nordeste, makamaka m'zigawo zing'onozing'ono monga Alagoas. Kenaka adalowera kumpoto, ku Belém, likulu la chigawo cha Pará, kufupi ndi kumene madzi a Amazon amathira m'nyanja. Mzindawu udagawika pakati pa Remo ndi Paysandu, matimu amene akumana koposa ka 700. Givanildo adatenga chikho cha Pará ndi Paysandu mu 1987, ndipo m'zaka zotsatira adachitenganso ndi matimu onse awiri, chinthu chimene ochemerera a mbali zonse adachita kumukhululukira chifukwa chomufuna. Ku Sport adapambana chikho cha Pernambuco mu 1991, 1992 ndi 1994, ndiponso chikho cha dera lonse la Nordeste mu 1994. M'timu ya 1994 imeneyo mudali mnyamata wotchedwa Juninho Pernambucano, amene chaka chotsatira adagulidwa ndi Vasco da Gama, nadzatchuka ku Lyon m'dziko la France chifukwa cha kamenyedwe kake ka mipira yoimika.

Kukweza timu koyamba kudachitika mu 1997, mumzinda wa Belo Horizonte. Kumeneko kuli matimu awiri amphamvu, Atlético Mineiro imene chizindikiro chake ndi tambala, ndi Cruzeiro imene chizindikiro chake ndi nkhandwe. Pakati pa awiriwa pali América Mineiro, ndipo chizindikiro chake, ngati kuti adachitenga m'nthano, ndi kalulu. Kaluluyu adalamulapo kale, pamene adatenga chikho cha chigawo zaka khumi zotsatizana kuyambira 1916 mpaka 1925, koma pofika m'ma 1990 adali atatsala ndi ochemerera ochepa. Givanildo adapambana naye Série B ya 1997. Mmodzi mwa anyamata a timuyo adali Gilberto Silva, wosewera wa pakati ngati mphunzitsi wakeyo, amene patapita zaka zisanu adatenga chikho cha dziko lonse lapansi ndi Brazil nkupita ku Arsenal. América yokha idatsikanso mu 1998.

Pachimake pa ntchito yake padafika ku Belém. Atabwerera ku Paysandu adatenga chikho cha Pará mu 2000, 2001 ndi 2002, natenganso Série B ya 2001. Mu 2002 adaonjezapo chikho cha dera la kumpoto, chimene chidapatsa timuyo malo mu Copa dos Campeões, mpikisano wa akatswiri a madera onse a Brazil. Palibe amene ankaiwerengera Paysandu. Idafika m'ndime yotsiriza, kumene idakumana ndi Cruzeiro, ndipo masewero oyamba idagonja 2 kwa 1 kwawo ku Belém. Achiwiri adachitikira ku Fortaleza pa 4 Ogasiti 2002. Vandick adagoletsa zigoli zitatu, Paysandu idapambana 4 kwa 3, ndipo pa mapenate Cruzeiro sidagoletse ngakhale imodzi. Kwa nthawi yoyamba timu ya kumpoto kwa Brazil idapeza malo mu Copa Libertadores, mpikisano wa matimu opambana a ku South America konse.

Tsono taonani chimene chidatsatira. Pa 24 Epulo 2003 Paysandu idalowa m'bwalo la La Bombonera ku Buenos Aires, kumene alendo satulukako bwino kawirikawiri, nigonjetsa Boca Juniors 1 kwa 0 ndi chigoli cha Iarley, ili ndi osewera asanu ndi anayi okha. Usiku umenewo ndiwo umakumbukika kuposa wina uliwonse m'mbiri ya timuyo, ngakhale kuti Boca idadzabweza ku Belém 4 kwa 2 nkukatenga chikhocho. Koma pa benchi padali Darío Pereyra wa ku Uruguay. Amene adalima mundawo sadalinso ku Belém pa tsiku lokolola.

Mu 2005 Santa Cruz, timu ya ubwana wake, idamuitana. Adatenga nayo chikho cha Pernambuco, ndipo mu Série B idafika m'gulu la matimu anayi olimbirana malo awiri okha. Tsiku lotsiriza, pa 26 Novembala, masewero onse awiri adachitikira mu Recife. Pa Arruda, Santa Cruz idagonjetsa Portuguesa 2 kwa 1 nkukwera. Makilomita ochepa kuchokera pamenepo, pa bwalo la Aflitos, Náutico idapatsidwa penate yolimbana ndi Grêmio, ndipo mkangano udaimitsa masewero nthawi yaitali. Grêmio idatsala ndi osewera asanu ndi awiri okha, wapagolo wake Galatto adagwira penateyo, kenaka mnyamata Anderson, amene adadzapita ku Manchester United, adagoletsa. Nyuzipepala za ku Brazil konse zidadzaza ndi nkhani ya Grêmio, timu ya kumwera, ndipo za Santa Cruz zidalembedwa pansi pake. Chaka chotsatira Givanildo adaoloka mzinda nkukwezanso Sport. Matimu awiri odana, mumzinda umodzi, m'zaka ziwiri zotsatizana.

Funso limene limabwera nlakuti, nanga munthu wotere adalekeranji kupatsidwa Flamengo, Palmeiras kapena São Paulo? Mwayi wophunzitsa timu ya ndalama adaupezapo, monga ku Atlético Paranaense mu 2006, koma udatha m'miyezi yochepa. Ena amati mpira wake udali wachikale, wodalira mwambo ndi kulimbikira, woyenera mabwalo okumbika a gawo lachiwiri. Mwina pali choona pamenepo. Koma nkovuta kukhulupirira kuti munthu amene adagonjetsa Cruzeiro m'ndime yotsiriza ndi osewera otola uku ndi uku akadalephera kuyendetsa osewera abwino, akadapatsidwa nthawi. Aphunzitsi ambiri a kumwera adalephera m'timu imodzi yaikulu nkupatsidwa ina sabata yotsatira. Wa ku Nordeste akalephera kamodzi, zimatengedwa ngati umboni wakuti malo ake si amenewo. Dzina lija la mfumu yokweza matimu lidasanduka mpanda. Akuluakulu a matimu ankamuona ngati mwini bwato wa padooko: amafunika madzi akadzaza, koma anthu akaoloka palibe amene amapita naye kumudzi.

Sikuti kulikonse kumene adapita zinkamuyendera. Mu 2010, atatenga chikho cha Pernambuco ndi Sport, adabwerera ku Santa Cruz imene idali itagwa chaka ndi chaka kuchokera mu Série A mu 2006 mpaka kufika mu Série D. Adalephera kuitulutsamo. Mu 2016 adayandikira kukweza Náutico, timu yachitatu ya mu Recife, koma tsiku lotsiriza idagonja pakhomo kwa Oeste, ndipo ochemerera okwiya adalowa m'bwalo.

Timu imene inkamuitana mobwerezabwereza idali ya kalulu ija. Mu 2009 adaipeza ili m'gawo lachitatu, napambana nayo Série C. Mu 2015 adaikwezanso kupita mu Série A, kumene kudali kukweza timu kwake kwachisanu ndi chimodzi. Chaka chimenecho adapatsa mwayi mnyamata wa zaka 18 wotchedwa Richarlison, amene chaka chisadathe adagulidwa ndi Fluminense, nadzasewera ku England ndi m'timu ya dziko. Mu Meyi 2016 América idagonjetsa tambala uja, Atlético Mineiro, m'ndime yotsiriza, nitenga chikho cha chigawo cha Minas Gerais koyamba chichokere 2001. Pasadathe miyezi iwiri, timu itayamba moipa mu Série A, Givanildo adachotsedwa ntchito. América idasintha aphunzitsi, komabe idatsiriza ili kumapeto kwenikweni kwa ligi.

Iye adanyamulanso chikwama chake. Mu 2017 adatenga chikho cha chigawo ndi Ceará ku Fortaleza. Mu 2018 adachitenga ndi Remo ku Belém, patapita zaka 31 chitengere chikho chake choyamba mumzinda umenewo. Mu Novembala chaka chomwecho América, imene idali itabwerera mu Série A ndipo inkamira, idamukumbukira. Padali patatsala masewero ochepa, ndipo iye adali ndi zaka 70. Adavomera. Nkhani idakathera pa 2 Disembala 2018 pa Maracanã, bwalo lomwe lija la mvula ya 1976, molimbana ndi Fluminense yomweyo. América idapatsidwa penate zigoli zisadayambe kulowa, wosewera wake adaiphonya, Fluminense idapambana 1 kwa 0, ndipo kalulu adatsikanso mu Série B.